Bwato Lathu Linabwera pa Galimoto

Ine sindinabadwire kumadzi. Kwathu n'ku Magodi, kumtunda, kumene kamtsinje kathu munthu ankakadumpha m'chilimwe osanyowetsa n'chidendene chomwe. Makolo anga anamwalira ndisanasunge nkhope zawo, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi, amene mafunso ankawatopetsa. Ndinakula ndikuyang'ana manja a anthu kuti ndidziwe chochita, ndipo khalidwe limenelo sindinalisiye.

Amuna anga ndinakumana nawo pamsika wa Lundazi, atakwera kuchokera kuchigwa ndi mtolo wa nsomba zouma. Agogo atamva kuti ntchito yawo yeniyeni n'kuwolotsa anthu pa Luangwa, anangoti, "Ukakamira m'madzimo usadzandiuze." Iwowo kuchigwako sanatsikeko mpaka imfa.

Kupalasa ndinaphunzira ndili wamkulu kale. Amuna anga ankaima kutsogolo kwa bwato ndi nsungwi yokankhira, ine n'kukhala kumbuyo ndi nkhafi kuwongolera. Akazi a pamudzipo ankanditcha wa ng'ombe, poti ndinachokera kumtunda koweta ng'ombe, n'kumaima pagombe kudikira tsiku limene ndidzagudubuze anthu m'madzi. Tsikulo silinafike, ndipo anatopa okha.

Chaka chimene ndikunenachi, nkhondo ya Azungu itangotha kumene, bwato lathu linatha ntchito. Linali litawola pansi, zigamba zili paliponse, ndipo kumapeto kwa dzinja mvuu inalimalizitsa. M'chilimwe sitinkadandaula, poti padooko pathu anthu ankawoloka ndi miyendo, madzi akulekeza m'maondo. Koma mesenjala wa ku Boma, amene ankaperekeza onyamula makalata, anatiuza mosabisa. "Mtsinje ukadzadza inu mulibe bwato, thumba la makalata lidzawolokera padooko la kumtunda. Ndipo mukudziwa, kumene kwapita thumba anthu amatsata komweko." Tinkadziwadi. Njira yotsikira padooko ikamera udzu dzinja limodzi, siitsegukanso.

Mitengo yosemera bwato inali itatha pafupi ndi kwathu. Osema abwino anali kumunsi, kupitirira pamene Lukusuzi amathira mu Luangwa. Kukweza bwato latsopano ndi mtsinje nyengo imeneyo kukanatitengera masabata, kulikoka pamchenga ndi kuzemba mvuu zimene zinali zitaunjikana m'maiwe otsala. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana alionse.

Anatipulumutsa ndi msuwani wa amuna anga. Iyeyu anaphunzira kuyendetsa galimoto ku usilikali, ndipo atabwerako analembedwa ndi mwini sitolo wina wa ku Boma kuti azitola fodya ndi nsomba zouma m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje. Anagona kwathu paulendo wake womaliza mvula isanatseke msewu. Mawa lake ankapita kumunsi n'kubwerera tsiku lomwelo.

"Bwato? Bwato n'chiyani, msuwani?" anatero akunyambita zala. "Ine ndanyamulapo mizinga. Kwelani maŵa, mukasankhe, tibwela nalo."

"Iwe bodza unayamba uli kumsana," anayankha amuna anga. Koma m'mawa kusanache anali atavala kale malaya awo a kutchalitchi.

Tonse awiri tinali tisanakwerepo galimoto. Amuna anga anakana kukhala kutsogolo ndi msuwani wawo. Anakwera kumbuyo konyamulira katundu, n'kuima chilili atagwira denga la kanyumba ka dalaivala, maso pamsewu. Ine ndinapita kumapeto kwenikweni, n'kugwada pakatikati, osatsamira mbali iliyonse. Palibe anatiuza. Tinangopezeka kuti takhala monga timakhalira pamadzi. Galimoto itayamba kuthamanga, amuna anga anayamba kufuula, "Chitsa kumanja! Dzenje, dzenje!"

Msuwani anatulutsa mutu pawindo. "Ndili nawo maso, iwe! Alamu, mwamunayu mumagona naye bwanji? Kapena kutulo amaonanso zitsa?"

Titangochoka pamudzi, msewu unausiya mtsinje n'kulowa m'nkhalango ya tsanya. Mitengo yonse inali itayoyola masamba, mthunzi kunalibe, mudzi kunalibe, madzi kunalibe. Dothi lake linali lakuda, louma gwa, lodzaza ndi mapazi a njovu a dzinja lapitalo, ndipo galimoto inkadumpha pa lililonse. Tinayenda momwemo nthawi yaitali, mpaka tinadutsa pamchenga wa Lukusuzi, pamene anthu anayala timitengo kuti matayala asatitimire. Kuchokera pamenepo msewu unabwereranso kumtsinje, midzi n'kuyamba.

Midzi imeneyi tinkaidziwa yonse, koma tinkaidziwira kumadzi. Ukabwera pabwato umayamba kuona akazi akuchapa, madimba a fodya pagombe, kenako madenga. Tsiku limenelo tinkailowera kumsana, kunkhokwe ndi kudzala, kumene kuli nsanja zolonderapo njovu. Mudzi woyamba amuna anga sanauzindikire n'komwe mpaka ataona mkuyu wa padooko.

Pamene msuwani ankakweza matumba a fodya, ife tinatsikira kumtsinje. Bambo wina wogulitsa bwato anatilonjera, "Monire, ada. Monire, amama," n'kutionetsa lake litagona pamthunzi. Linali lalitali bwino, lopakidwa matope atsopano kunja konse. Amuna anga ankaligogoda n'kumagwedeza mutu movomera. Ine ndinayang'ana pansi. Pamchenga, m'munsi mwa bwatolo, panali timilu ta ufa wosalala ngati wa mtengo wofumbwa. Ndinaloza ndi chala chakuphazi. Amuna anga anaona, n'kuyamba kufunsa mwiniwakeyo za thanzi la ana ake, kenako tinatsazika.

Mudzi wachiwiri unali waukulupo, wokhala ndi kasitolo ndi tchalitchi cha udzu. Kumeneko tinapeza bwato la mvunguti, labwinobwino, lopanda chilema, koma lalifupi. Msuwani anatsika nafe, n'kuliyenda m'mbali ndi mapazi.

"Ili ndiye lathu," anatero. "Likwana kumbuyo kwanga ngati mwana m'mbereko. Tengani, tipite."

"Anthu anayi basi," anatero amuna anga. "Nanga thumba? Nanga njinga ya mesenjala? Akabwera ndi wodwala pamachira, timugoneka pamutu pako?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinapukusa mutu. Bwato lalifupi pamadzi a Januwale limavina, ndipo wakumbuyo ndi amene amalimbana nalo. Ndikuvomera kuti pamenepo tonse awiri tinkaganiza za mtsinje wokha. Mawu a msuwani onena za kukwana kumbuyo kwa galimoto analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mudzi wachitatu tinafika dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Wosema wa kumeneko anali mkulu wochepa thupi, wa zala zitatu kudzanja lamanzere, zina zija nsompho inadya. Pagombe panalibe bwato lililonse. Anatitengera padziwe, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kuyamba kuvuula miyala. Pang'onopang'ono bwato linayandama, lofiirira, la mbawa. Bwato latsopano amalimiza dala kuti mtengo uzolowere madzi usanakumane ndi dzuwa, apo ayi umang'aluka.

Titakapa madzi, ndinalowamo ndekha ndi nkhafi ya mkuluyo. Ndinapalasa kawiri, bwato n'kupita molunjika ngati likudziwa kumene ndikufuna. Ndinalitembenuza pakati pa dziwe, ndinaima, ndinaponda m'mbali. Silinagwedezeke. Pobwerera kugombe, amuna anga anali atayamba kale kukambirana ndi mwiniwake. Anamvana msanga.

"Ndiye mulikweza liti?" anafunsa mkuluyo. "Dikirani madzi oyamba."

"Tipita nalo lero. Pagalimoto."

Mkuluyo anayang'ana amuna anga, anayang'ana ine, anayang'ana mtsinje. "Pagalimoto? Nanga uwu Mulungu anauikira chiyani?" Kenako nkhope inasintha. "Ana inu, lakhala m'madzi mwezi wathunthu ili. Mukaliika padzuwa la lero, simufika nalo. Muzilithira madzi njira yonse. Likangouma kunja m'kati mukadali madzi, mudzamva lokha likulankhula."

Msuwani atabweza galimoto chafutambuyo mpaka pagombe, anatsika, n'kuima manja ali m'chiuno. Anatambasula mikono m'mbali mwa bwato: mikwamba inayi. Anapita kumbuyo kwa galimoto yake: iwiri ndi kachidutswa.

"Msuwani," anatero mofatsa, "ndinati bwato. Sindinati mlatho."

"Si paja unanyamula mizinga?"

"Mizinga inali ndi matayala ake!"

Kubwerera ku lalifupi lija amuna anga anakana, inenso ndinakana. Anthu a pamudzipo anadula mphanda ziwiri ndi mtanda, n'kuzimanga kuseri kwa kanyumba ka dalaivala, kuti mutu wa bwato udutse pamwamba pa denga. Pansi tinayala matayala akale ndi mitolo ya udzu. Matumba a fodya ndi nsomba msuwani anawapanikiza m'mbali n'kuwafunditsa tenti, akulumbira kuti dontho limodzi likagwera fodya wa abwana ake, tonse tidzayenda wapansi. Amuna onse a pamudzipo anakankha ndi nyimbo. Bwato linakwera, koma kumbuyo kwake kunatsala kukulendewera panja, kuposa mkwamba wathunthu, popanda chochirikiza.

Tinalimata matope kunja, m'kati tinadzaza udzu wonyowa. Tinatunga madebe awiri. Ine ndinakwera n'kukhala m'bwato momwemo, pamalo anga a nthawi zonse, ndi chikho m'manja. Zaka zonsezo ntchito yanga inali kuchotsa madzi m'bwato. Tsiku limenelo ndinkatunga m'debe n'kumathira m'mbali, uku ndi uku, ngati ndikuthirira fodya.

Pamudzi wachiwiri uja anthu anatiwona tikadali patali, ndipo pofika tinapeza mudzi wonse uli pamsewu.

"Mtsinje mwauphonya, uli uko!"

"Palasani, amama, mwatsala pang'ono!"

Mayi wina anaseka mpaka anakhala pansi. Koma amuna anga atafotokoza, akazi omwewo anathamangira kudooko ndi mitsuko, n'kubwera kudzakhuthulira pabwato. Anthu a kumtsinje sangaonerere bwato labwino likuwonongeka, ngakhale la mlendo. Pamudzi woyamba uja zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo amene ankafuna kutigulitsa lofumbwa uja ndiye anatunga madebe athu onse awiri. Tinathokoza kuti yewo, n'kudutsa pamchenga wa Lukusuzi, kulowa m'tsanya muja.

Dzuwa linali litangopendeka pang'ono, nthawi imene ngakhale mbalame zimakhala chete. Matope a kunja kwa bwato anayamba kutuwa n'kumagwa zibenthuzibenthu. Ndinkathira mosinira, koma mphepo yotentha inkamwa madziwo ndisanabweze chikho m'debe. Debe loyamba linatha. Galimoto nayo inkalemedwa. Kawiri konse msuwani anaima kuti athire madzi kutsogolo kwa injini kuchokera m'chigubu chake, ndipo kachiwiriko ndinamuona akuchigwedeza, n'kuchiponya pansi pa mpando chopanda kanthu.

Tili pakati penipeni pa nkhalangoyo, galimoto inagwera m'phazi la njovu, kumbuyo kwa bwato n'kukwapula m'mwamba ndi pansi. Ndinamva kaphokoso kumsana kwanga, kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Ndinacheuka. Pamwamba pa thako la bwato, pamene mtengo umathera, panali mng'alu wotalika ngati chala changa. Ndisanaitane n'komwe, kutsogolo kunatuluka nthunzi yoyera, galimoto n'kuima yokha.

Msuwani anatsegula chitseko cha injini ndi chiguduli, n'kubwerera m'mbuyo. Kenako anabwera kumbali kwanga osandiyang'ana kumaso.

"Alamu, ndipatseni debe."

"Debe liti?" anatero amuna anga akudumpha pansi. Anali ataona mng'alu uja. "Madzi awa ndi a bwato. Ako unamwetsa kale chitsulo chakocho."

"Chitsulo changachi n'chimene chakusenzela chimtengo chako!"

"Unanena wekha kuti ungathe!"

"Ndinanena bwato la anthu, osati la Nowa!"

Apa sanalinso kuseka. Amuna anga anaima pakati pa msuwani wawo ndi debe, ndipo ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo. Ndinawamvetsa. Munthu amene wamva mtengo wake ukung'aluka sangapereke madzi kwa wina. Koma ine ndinali nditakhala pamwamba, ndipo ndinkaona zimene iwo sankaziyang'ana. Mithunzi ya mitengo yopanda masambayo inali ngati timizere. Debe limodzi, ngakhale ndikanasinira chotani, likanatha dzuwa likadali lamphamvu, ife tili pomwepo. Mtsinje unali kutali koti munthu wopita kukatunga akanabwera madzulo.

"Bambo," ndinatero, "apatseni."

Anatembenuka. "Mayi, mwati chiyani?"

"Apatseni onse. Madzi awa sangalisunge mpaka madzulo. Angalifikitse kumtsinje basi, ndipo olifikitsa ndi alamu angawa ndi galimoto yawo."

Sindinkawatsutsa kawirikawiri pamaso pa anthu. Anayang'ana mng'alu, anayang'ana kumwamba. Kenako ananyamula debe okha n'kukaliika patsogolo pa galimoto.

Msuwani sanathire nthawi yomweyo. Anati chitsulo chikadali moto chotero, ukachithira madzi chimasweka, ndiye tidikire. Amuna anga anatsala pang'ono kuyambiranso, koma ndinawapempha luzi. Anatenga nkhwangwa n'kukasenda makungwa a titsanya tating'ono. Udzu wa pansi penipeni m'bwato unali ukadali wonyowa, ndipo ndinaufinyira pa luzilo mpaka linafewa. Tinakulunga thako la bwato kasanu ndi kawiri, n'kulowetsa kamtengo, n'kupotokola mpaka luzi linalira. Luzi lonyowa likamauma limakoka, ndipo ndinkafuna kuti dzuwa lomwelo litigwirire ntchito. Chingwe chimene chinatsala pomanga matumba tinachimanga kuchokera kuthako mpaka pamtanda wa kutsogolo, kuti kumbuyo kusamakwapulenso. Udzu wonse wonyowa ndinaukokera pamalo ong'alukawo, n'kuvula nsalu yanga yapamwamba n'kufunditsa. Ndisanafunditse, ndinalemba ndi chikhadabo pamene mng'alu unalekezera.

Msuwani anathira madzi pang'onopang'ono, n'kupukusa chitsulo cholizira injini. Kachitatu inalira.

"Ndithamange kapena ndiyende bwino?" anafunsa. Ulendo uno ankafunsa ine.

"Posalala thamangani. Pa mapazi a njovu muziyenda ngati mwanyamula mazira."

Amuna anga anabwerera pamalo awo, ndipo msuwani sanawaletsenso kufuula. Ine ndinakhala chotembenuka, dzanja lili pansi pa nsalu, chala pa mng'alu. Ndinkaumva ukutseguka ndi kutsekeka galimoto ikadumpha. Nditasuzumira koyamba, unali utadutsa chizindikiro changa ndi zala ziwiri. Ndinalembanso, n'kupotokola kamtengo kaja kamodzi. Akashembe ankandiluma pamapewa popeza ndinalibe chofunda, koma manja onse anali ndi ntchito. Nditasuzumira kachiwiri, unali pomwe ndinalemba. Kachitatu, pomwepo. Udzu unali utauma, nsalu yauma, pansi pa bwato pakutentha ngati chiwaya, koma luzi linali litagwira moti chikhadabo sichikanalowa.

Ndinayamba kumva fungo la mtsinje ndisanaone mitengo yobiriwira. Msuwani sanaime pamudzi. Anadutsa pakati pa nyumba akuliza lipenga la galimoto, anthu akuthamangira m'mbuyo mwathu, n'kutsetsereka chafutambuyo mpaka matayala anakhudza madzi a padziwe la padooko. Sindinatsike. Anamasula zingwe, anakankha, ndipo bwato linalowa mu Luangwa ine ndili momwemo. Tinalidzaza miyala n'kulimiza pomwepo.

Msuwani anafunyulula tenti n'kupapasa matumba ake limodzi ndi limodzi. Fodya anali wouma. Anamwa madzi chikho chathunthu, n'kuuza amuna anga kuti tsiku lina akadzafuna kusamutsa phiri asadzamuitane. Amuna anga anamupatsa nkhuku.

Tinalisiya m'madzi masiku atatu. Titalivuula, mng'alu unali utatsekeka moti udzu sunkalowa. Unali wotalika ngati chikhatho ndi theka, wonse pamwamba, kumene madzi safika bwato likasenza. Tinathiramo phula losungunula, n'kukhomerapo kachidutswa ka debe lomwe lija. Nsalu yanga sinayerenso.

Mvula inagwa kumapiri sabata yotsatira, ndipo m'mawa wina tinadzuka mchenga wonse wa padooko utamira. Madzi anali ofiira, a thovu, akunyamula zitsa ndi mitengo yathunthu. Masana ake mesenjala anatsika ndi njira yathu, pambuyo pake onyamula makalata awiri, ndi anthu ena atatu amene anawatsatira. Anaima pagombe n'kuliyang'ana bwatolo kuyambira kumutu mpaka kumbuyo, maso n'kuima pa chigamba.

"Latsopano ili, kapena mwangolipaka lakale lija?"

"Khalani pansi, bwana, pakatikati," anatero amuna anga. "Njingayo igonekeni."

Anakwera onse asanu ndi mmodzi, thumba lili pamiyendo pa mesenjala. Amuna anga anakankha, ine n'kulozetsa mutu wa bwato kumtunda kuti madzi atitsitse okha mpaka padooko la tsidya. Pakati pa mtsinje chitsa chachikulu chinabwera chikugubuduka, ndipo ndinabweza nkhafi kamodzi, bwato n'kumvera, chitsacho n'kudutsa kutsogolo kwathu. Mayi wina amene anali atatseka maso chikwerereni anawatsegula titagunda mchenga.

Mesenjala anatsika, anaimika njinga yake, n'kumangirira thumba. Anapapasa pansi pa thumbalo kuti aone ngati lanyowa.

"Lachinayi tibwerera," anatero. "Mudzatidikire tsidya lino m'mawa."